Ndine nthumwi ku konvenshoni: voti yanga ndipatse ndani?

Wa_ku_Thondwe:

Akuluakulu ndi amayi a pabwalo pano, ndithandizeni nzeru. Komiti ya dera lathu kuno ku Zomba yandiika pa mndandanda wa nthumwi zopita ku msonkhano waukulu wa chipani, kumene tikasankhe wodzaimira chipani pa mpando wa pulezidenti. Dzina la chipani sinditchula, kuopa kuti tingayambe kutukwanizana. Oonetsa chidwi alipo anayi. Wina ndi mkhalakale m'chipani. Wina ndi mpondamatiki, wayamba kale kuzungulira maboma. Wachitatu sukulu adapita nayo patali koma kumudzi sadziwika. Wachinayi ndi wa chigawo chathu chino chakum'mawa, ndipo anthu ayamba kale nyimbo ya "tivotere mwana wathu". Kodi nthumwi imayeza chiyani kuti isankhe bwino? Nanga ndalama za thiransipoti zimene anthu a opikisanawa akulonjeza, kulandira n'kulakwa?

Che_Songani:

Achimwene, muyambe mwadziwa kulemera kwa voti yanuyo. Ku America anthu wamba amaponya voti m'chisankho chachipulula cha pulezidenti, dera ndi dera kwa miyezi ingapo, ndipo nthumwi zimapita ku msonkhano zikudziwa kale amene anthu afuna. Kuno sizili choncho. Chipulula timachitira aphungu ndi makhansala, koma woimira pa upulezidenti amasankhidwa ndi nthumwi zokhazokha, anthu okwana mu holo imodzi, tsiku limodzi. Ndiye kuti inu mukuvotera anthu onse a m'nthambi za kwanu amene sadzaponda mu holomo.

Funso loyamba ndi la masamu. Kale munthu ankatha kulowa ku nyumba ya boma ndi mavoti ochepa. Mu 2004 a Bingu wa Mutharika adapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse. Mu 2014 a Peter Mutharika adapeza 36.4, a Lazarus Chakwera 27.8, a Joyce Banda 20.2 ndipo a Atupele Muluzi 13.7. Nthawi imeneyo kukhala ndi chigawo chimodzi chokukonda, n'kutolako pang'ono kwina, zinkakwana. Zidasintha pa 3 February 2020 pamene khothi loona za malamulo oyendetsera dziko lidathetsa zotsatira za chisankho cha 2019, n'kunena kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Khothi la Supreme lidavomereza chigamulochi mu May chaka chomwecho. Chichokereni apo, a Chakwera adapambana mu June 2020 ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100, atagwirizana ndi zipani zina mu Tonse, ndipo a Mutharika adapambana mu September 2025 ndi 56.8.

Tsono tengani kalembera wa 2018. Mwa anthu 17.5 miliyoni, chigawo chakummwera (kuphatikizapo kuno kum'mawa) chinali ndi pafupifupi 44 pa 100, chapakati 43, chakumpoto 13. Palibe chigawo chimene chingampatse munthu theka pachokha, ngakhale onse atavota mofanana, zimene sizichitika. N'chifukwa chake nyimbo ya "mwana wathu" njofooka. Zomba, Machinga, Balaka ndi Mangochi ataunjika pamodzi safika n'komwe pafupi ndi theka.

Chochita n'ichi. Pezani ku MEC, bungwe loyendetsa zisankho, zotsatira za boma lililonse pa zisankho ziwiri zapitazi. Lembani maboma 28 m'magulu atatu: kumene chipani chanu chimapambana kale, kumene chimabwera chachiwiri, ndi kumene sichimveka. Kenako pa aliyense mwa anayiwo dzifunseni kuti angaonjezere mavoti m'maboma ati a gulu lachiwiri, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Wokondedwa kumene chipani chili kale ndi mphamvu sabweretsa voti yatsopano ngakhale imodzi. Funsaninso kuti ndi zipani ziti zimene zingalole kukhala pansi ndi iyeyo, chifukwa zikafika pa chisankho chachibwereza, wopanda abwenzi ndiye amagwa.

Khamu la pa msonkhano wandale lisakunamizeni. Malole amatuta anthu ku Jali, ku Mayaka ndi ku Chingale, ndipo nkhope zomwezo mudzaziona mawa lake zitavala nsalu ya wina. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Nachisale_Matawale:

Che Songani anena za masamu, ine ndikambe za mapepala, poti apa ndi pamene zipani zimapunthwa.

Musanayambe kukonda munthu, onani ngati malamulo akumulola. Gawo 80 la malamulo oyendetsera dziko limafuna nzika ya Malawi yobadwa nayo kapena yochokera kwa makolo, ya zaka zosachepera 35. Limakana munthu amene khothi lidamupeza wolakwa pa mlandu wa chinyengo m'zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, amene khothi lidagamula kuti walephera kubweza ngongole ndipo sanamasulidwe, komanso msilikali kapena wapolisi amene akadali pantchito. Wogwira ntchito ya boma ayenera kutula pansi udindo kaye. Gawo 83 ndiye limaika malire a matemu awiri. Izi si zongolemba. Mu 2008 msonkhano waukulu wa UDF udasankha a Bakili Muluzi, koma mu 2009 MEC idawakana chifukwa adali atalamulira kale matemu awiri, ndipo khothi lidagwirizana ndi MEC kutangotsala masiku ochepa kuti anthu avote. Chipanicho chidapita ku chisankho chopanda munthu wake pa pepala la pulezidenti, chikuthandiza a John Tembo a MCP, ndipo aphungu ake adatsika kufika 17. Ngati mmodzi mwa anayi anuwo ali ndi mlandu umene ukadali kukhothi, mlandu si chigamulo ayi, koma dziwani tsiku limene ukuyembekezeka kutha, chifukwa chigamulo chikhoza kugwa pakati pa kampeni.

Chachiwiri, pemphani kwa mlembi wa boma lanu buku la malamulo a chipani, lenilenilo, osati zimene gavanala akukuuzani pakamwa. Muyang'anemo zinthu izi: ndani ali ndi ufulu wokhala nthumwi, munthu akhale membala kwa zaka zingati asanapikisane pa mpando waukulu, ndiponso wopambana amafunika mavoti ochuluka chabe kapena oposa theka. Chomalizachi chimasintha kavotedwe kanu. Tiyerekeze nthumwi zilipo 1,000 ndipo malamulo akuti wochuluka ndiye wapambana. Anthu atatu oganiza mofanana akagawana 250, 230 ndi 220, wachinayi amatenga mpando ndi 300, pamene nthumwi 700 sizimamufuna. Zikatero voti yopita kwa amene mukudziwa kuti athera pa nambala 4 imangothandiza amene simukumufuna. Kambiranani ndi nthumwi za maboma ena usiku wa tsiku lofika, mudziwe awiri amene ali patsogolo.

Zimene zimaonongeka kawirikawiri ndi mndandanda wa nthumwi. Makomiti a m'madera amathetsedwa kutatsala milungu yochepa, m'malo mwake n'kuikamo anthu a wina wake. Mumafika pa geti, dzina lanu mulibe. Choncho onetsetsani kuti mndandanda wa Zomba wasainidwa ndi kutumizidwa ku likulu nthawi ikadalipo, jambulani pa foni, ndipo nyamulani chitupa cha unzika ndi khadi la chipani. Dzina pa chitupa lifanane ndi la pa mndandanda, chifukwa chilembo chimodzi chimakwana kukubwezani.

Mu holo, funsani kuti chisankho akuyendetsa ndani. Chikamayendetsedwa ndi anthu a kunja kwa chipani, madandaulo amachepa. Mabokosi aonetsedwe ali opanda kanthu asanatsekedwe, mavoti awerengedwe pomwepo mamonita a opikisana onse akuona, ndipo chiwerengero cha mapepala chifanane ndi cha nthumwi zimene zalembetsa. Chongani malo amodzi okha, osalembapo dzina kapena mawu. Kuvota kumatha kufika pakati pausiku poti maudindo ndi ambiri, ndiye musachoke musanaponye, ngakhale basi ya boma lanu ikulira hutala.

Mphunzitsi_Domasi:

Bambo a ku Thondwe, masamu a Che Songani ngoona, koma ndikukana kuti akhale muyeso woyamba. Kupambana n'kwa tsiku limodzi, kulamulira n'kwa zaka zisanu, ndipo wopambana wolakwika amathanso kupha chipani chomwe chidamunyamula. UDF idapambanitsa a Bingu mu May 2004, pofika February 2005 adali atatuluka n'kuyambitsa DPP, ndipo UDF idapezeka ku mbali yotsutsa isanagonje pa chisankho. Nthumwi idzifunse: munthuyu akufuna chipani, kapena akufuna galimoto yomufikitsa ku Sanjika? Apa ndi pamene mpondamatiki wanu uja ndi wophunzira uja ayenera kufufuzidwa kwambiri. Adalowa liti? Pamene chipani chinali pamavuto adali kuti?

Koma mkhalakale nayenso asadutse ulere. Kukhalitsa si ntchito. Muone zimene adagwirapo: ngati adali nduna, unduna wake udatchulidwa motani m'malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma? Ngati adali phungu, ndalama za chitukuko cha dera lake (CDF) zidamanga chiyani chimene mungakachikhudze ndi dzanja? Ngati adayendetsa kampani kapena bungwe, antchito ankalandira pa nthawi yake? Izi zimafufuzika, ndipo anthu a kwawo amayankha mosabisa mukawafunsa pambali.

Opikisana akabwera kudzakumana ndi nthumwi za Zomba, musawalole kungolankhula n'kumapita. Afunseni mafunso amene yankho lake lili ndi manambala. Kwacha idagwetsedwa mphamvu mu May 2012, mu May 2022 ndi 25 pa 100, ndi mu November 2023 ndi 44 pa 100, pansi pa maboma osiyana, chifukwa dziko limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa. Ndiye wolonjeza feteleza wotchipa anene kuti ndalama zakunja zogulira fetelezayo ndi mafuta azitenga kuti, poti fodya yekha sakukwanitsa. Anene kuti sabuside ifikira mabanja angati, ndipo adula chiyani mu bajeti kuti ndalamayo ipezeke. Za kuno kwathu, mufunseni za ulimi wothirira ku Likangala ndi ku Domasi, ndi zimene angachite nyanja ya Chilwa ikaphwanso monga idachitira mu 1995 ndi 2018, asodzi a ku Kachulu n'kusowa pogwira. Wodziwa ntchito amayankha ndi ndondomeko, ndipo saopa kunena kuti china sichingatheke chaka choyamba. Wongofuna mpando amayankha ndi nyimbo.

Pali china chimene nthumwi zimaiwala: wachiwiri kwa pulezidenti. Simumusankha inu, amasankha yekha woimirayo popereka zikalata ku MEC. Koma mbiri yathu pa nkhaniyi njowawa. A Justin Malewezi adasiyana ndi a Muluzi n'kuima paokha mu 2004. A Cassim Chilumpha adamangidwa mu 2006 akadali wachiwiri kwa a Bingu. A Joyce Banda adachotsedwa mu DPP mu December 2010, koma a Bingu atamwalira mu April 2012 malamulo adawapatsa mpando, DPP n'kutuluka m'boma. A Saulos Chilima adachoka mu DPP mu 2018 n'kuyambitsa UTM. Choncho yang'anani mmene munthu wanuyo amakhalira ndi omutsatira ndi omutsutsa. Amene sapirira kutsutsidwa mu komiti ya anthu makumi awiri sadzasunga wachiwiri wake, ndipo ogonja ku konvenshoni adzawathamangitsa, iwo n'kupita ndi mavoti awo.

Wa_ku_Thondwe:

Zikomo nonse, ndatolapo zambiri. Koma za ndalama zija simunandiyankhe. Anthu akuti ukakana envelopu amakuyesa mdani.

Nachisale_Matawale:

Achimwene, lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti, ndipo chilango chake ndi chindapusa kapena ndende. Koma limalola zinthu zoyendetsera msonkhano, monga kubweza thiransipoti ndi chakudya, komanso zovala za kampeni. Muyeso wake ngwapafupi. Mtengo wa minibasi kuchoka ku Thondwe kufika ku Zomba mumaudziwa. Yoperekedwa poyera, kwa onse mofanana, yolingana ndi ulendo, imeneyo ndi thiransipoti. Yobwera usiku ku chipinda chogona, yokwana matumba a feteleza, ndi mtengo wa voti yanu, ndipo woperekayo adzaibweza akalowa m'boma, kuchokera ku misonkho yanu yomwe.

Chenjerani ndi njira ziwiri zimene amagwiritsa ntchito. Yoyamba ndi yosunga nthumwi pa malo ogona amodzi kwa masiku angapo, mafoni atasonkhanitsidwa, kuti zisakumane ndi opikisana ena. Malo ogona ndi mayendedwe a ku konvenshoni ayenera kuchokera ku chipani, osati kwa wopikisana, ndiye funsani msanga kuti akulipira ndani. Yachiwiri ndi yokuuzani kuti mujambule pepala lanu mutachonga, kuti mukalandire yotsala. Chithunzicho ndi umboni wokumangani inuyo, ndipo chikazungulira pa WhatsApp simungachibweze.

Kukana sikufuna ndewu. Nenani kuti komiti ya dera idagwirizana kuti nthumwi zimve onse anayi kaye. Ndipo zikhaledi choncho: itanani makomiti a nthambi musananyamuke, amayi ndi achinyamata akhalepo, aliyense anene amene akumufuna ndi chifukwa chake, mlembi alembe. Mukabwerako mudzawafotokozere mmene mudavotera, chifukwa chipulula cha aphungu chikubwera ndipo anthu omwewo ndi amene amakwiya n'kukaimitsa wawo payekha. Mu 2014 aphungu oima paokha adapambana mipando 52 mwa 193, mu 2019 adafika 55, ndipo ambiri mwa iwo adachokera m'zipani momwemo atakhumudwa ndi chipulula.