Bipod pa .375 ikundimwazira zipolopolo, ng'ona ikudikira

Wa Kumadambo:
Akuluakulu ndithandizeni msanga, mutu waima. Kuno kumunsi kwa Shire kuli ng'ona yagwira mayi pa dooko, za mbuzi ndiye sitikuwerenganso. Chilolezo choichotsa chatuluka, agulupu foni m'mawa foni madzulo. Vuto ndi bipod (timiyendo tiwiri tokhazikapo mfuti) imene atitumizira, ija yomanga pa mpope penipeni, yopanda ndi dzina lomwe. Mfuti ndi .375 H&H, scope 4x, zipolopolo za 300 grain. Pa thumba la mchenga mamita 100 zipolopolo zimagwera pamodzi, group ya mainchesi awiri. Ndikangomanga bipod zikukwera m'mwamba, china kumanzere china kumanja. Stud (kachitsulo ka pathabwa la mfuti kokolapo lamba kapena bipod) ndilibe, lamba amakola pa barrel band, bandi yozungulira mpope. Ndiboole thabwa ndiike stud ndigule bipod ya Harris? Ndipo yaifupi ya mainchesi 6-9 kapena yaitali? Ndalama ndi za m'thumba mwanga, sindikufuna kugula kawiri.

Wokonza Mfuti:
Chotsani chinthu chimenecho lero lomwe achimwene. Mpope umanjenjemera chipolopolo chikamadutsa, ndiye chilichonse chouthina kapena kuukankha chimasuntha pamene chipolopolo chikagwere. Pa barrel band musakolereponso, bandiyo ili pa mpope womwewo. Za kuboola taganizani kaye. Opanga anachotsa dala stud pathabwa la mfuti zazikuluzi chifukwa ikabwerera m'mbuyo stud imang'amba dzanja lamanzere.

Madala a Nsungwi:
Mphwanga, zitsulozo zisiye. Dula nsungwi zitatu zofika m'khosi mwako, manga kumtunda ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kukhazikapo mfuti, basi. Ife mvuu ndi njati zovuta tinkachotsa ndi ndodo zimenezi, bipod tisanaimve n'komwe.

Wa Kumadambo:
Madala ndodo ndili nazo, koma choimirira scope imavina. Mvuu ndi nkhani ina. Ubongo wa ng'ona ndi wochepa ngati dzira la nkhuku, ukaphonya pang'ono yalowa m'madzi.

Mlenje wa ku Luangwa:
Kuno ku Lupande ma PH (alenje aukadaulo operekeza alendo) amayenda ndi ndodo tsiku lonse, koma ikafika nkhani ya ng'ona amasintha. Mumayamba mwapeza mchenga umene imaothera dzuwa, n'kumanga kachisakasa ka udzu kumene mphepo siikutengera fungo lanu kwa iyo, mamita 50 mpaka 80, osapitirira. M'katimo mitengo iwiri ya mphanda, thumba la mchenga kutsogolo, lina laling'ono pansi pa thako la mfuti. Kanjira kolowera mukasese, tsamba limodzi louma likangoti khwaa yapita. Mwanena nokha kuti pathumba mfuti ikumenya bwino. Ndiye mukufuniranji china?

Tinali ndi mlendo wina chaka china anabwera ndi bipod yodula kwambiri, ya Atlas, pa .300 yake. Kugona pamchenga, mwendo umodzi unamira pamene amakoka trigger. Chipolopolo chinamenya nsagwada. Ng'ona ija inatha masabata isakutuluka masana, ndipo itayamba kuoneka inali yoonda, ikulondola agalu ndi ana pamadooko chifukwa nsomba sinkathanso kugwira bwino. Ng'ona yovulazidwa ndi yoipa kuposa imene munayamba nayo.

Wa Kumadambo:
Bwana, kachisakasa kamafuna ng'ona ya malo amodzi. Iyi lero ili pa chilumba, mawa kuseri kwa bango. Thumba la mchenga sindingathamange nalo m'matope.

Wokonza Mfuti:
Ngati mwatsimikiza, chitani motere. Stud ikhale ya nati m'kati mwa thabwa, osati ya sikuluwu yolowa m'mtengo, imeneyo .375 imaizula. Mukamanga, lowetsani pepala pakati pa mpope ndi thabwa mfuti itakhala pa bipod. Likakanirira ndiye kuti thabwa likukankha mpope, vuto lanu labwerera. Mfuti zina zazikulu zili ndi recoil lug (kachitsulo kogwira thabwa mfuti ikabwerera m'mbuyo) yachiwiri pansi pa mpope, pamenepo pepala silidutsa ndipo musaseme kalikonse. Harris tengani ya S, yopendekeka, chifukwa gombe silikhala lathyathyathya, ndipo ya miyendo ya mano imagwira bwino kuposa yothina ndi kasikuluwu mchenga ukalowamo. Mukamaliza, zero (kulinganiza scope ndi pamene chipolopolo chikugwera) muyambirenso, pa dothi ngati lomwe mukaombererepo, osati pa simenti kapena pa boneti ya galimoto. Polimba mfuti imadumpha.

Madala a Nsungwi:
Kuboola mfuti yabwinobwino chifukwa cha ng'ona imodzi? Ndipo mfutiyo ndi yako kapena ya ntchito? Ukaiboola popanda kalata udzayankha wekha. Nsungwi sizifuna kalata.

Mai Sajeni:
Apa Madala anena zoona, pemphani kaye kwa akuluakulu molemba. Koma ine nkhawa yanga ili pena. Mukagona pansi pa 6-9 chipolopolo chimayenda chofanana ndi madzi, ndipo chikaphonya kapena kupyoza chimadumpha pamadzipo n'kupitirira. Tsidya linalo kuli ndani? Asodzi ali m'mabwato m'bango simuwaona. Ngati muli kunsi kwa Chiromo kumbukirani kuti malo ena tsidyalo ndi Mozambique, ngozi ya kumeneko si yokambirana pa bwalo la mfumu. Pezani gombe lokwera muombere chotsitsa, kuseri kwa ng'onayo kukhale dothi. Agulupu alengeze kuti tsiku limenelo pasapezeke bwato kapena wochapa.

Kadzidzi 458:
Komanso .375 chogona si masewera. Choimirira thupi limabwerera nayo, chogona yonse imathera pa fupa la phewa ndipo nkhope imasendera kufupi ndi scope. Mnzathu wina anasokedwa pa nsidze, magazi kutseka diso, chipolopolo chachiwiri osathanso kuombera. Ngati pa kampu pali .308 kapena .30-06 yokhala kale ndi stud, bwerekani imeneyo. Pa ubongo ikwanira.

Wa Kumadambo:
.308 ilipo koma scope yake inalowa madzi nthawi ya mvula. Ndiye bipod yaitali ija bwanji?

Kadzidzi 458:
6-9 m'udzu wa kumeneko muona mapesi okhaokha. Ya mainchesi 13.5 mpaka 27 mumaombera chokhala, msana mutatsamira mtengo, zigongono pa mawondo. Koma ndi yolemera, imakola m'bango, ndipo ma spring ake amalira mukamatambasula. Tambasulirani kutali. Zija zotchipa zofanana ndi Harris musayese, kachitsulo kogwira stud kamapindika.

Madala a Nsungwi:
Chokhala? Ndiye dula nsungwi zomwezo zikhale zazifupi. Mwazungulira tsiku lonse mwafika pomwe ndinayambira. Sizilira, sizichita dzimbiri, zikagwera m'madzi zimayandama.

Mlenje wa ku Luangwa:
Chilichonse mungasankhe, ng'ona ikagona cham'mbali ine ndimakonda pakhosi, kuseri pang'ono kwa pamene kamwa yathera, msana umaduka pomwepo. Chipolopolo chachiwiri chitsatire nthawi yomweyo pa phewa, ngakhale ikuoneka yafa. Ndipo mutsimikize kuti ndi yomwe inagwira mayi ija, pamchenga umodzi zimagona zingapo.

Mai Sajeni:
Chipolopolo cha soft (chofutukuka chikamenya) kapena solid (chosafutukuka)? Wa Kumadambo simunanene.

Kadzidzi 458:
Soft yolimba. Koma kwathu kuno zimene zatsala m'bokosi ndi solid zokhazokha, ndipo ndi za mitundu iwiri yosiyana, zero yake siifanana. Tinalemba kalekale kupempha zina.

Mai Sajeni:
Ifenso chimodzimodzi. Zoyesera zero amawerenga ngati zotayika, ndiye munthu uzikaombera bwanji ng'ona ndi mfuti yosayesa? Alipo amene ali ndi fomu yatsopano yopemphera zipolopolo anditumizire ku inbox, yakale ija akuibweza.