Kalulu uja waswa bwino ulendo uno

Zikomo nonse amene munandiyankha za kalulu wanga wamkazi wa mtundu wa Netherland Dwarf, uja anaswera pawaya wa pansi pa khola ana onse n'kufa ndi kuzizira.

Ndinachita monga munanenera. Wamkazi ndi amene ndinamutengera kukhola la wamwamuna, poti wamkazi m'khola mwake amaluma mlendo. Atakwerana ndinamubweza tsiku lomwelo n'kulemba deti. Pa tsiku la 28 ndinaika bokosi la matabwa, masentimita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi, lodzaza udzu wouma. Mukaliika msanga amalisandutsa chimbudzi. Anaswa pa tsiku la 31, ana anayi, atazula ubweya wake wa pachifuwa n'kuwafunditsa. Usiku ndimatchinga khola ndi thumba, chifukwa chiperoni cha kuno ku Blantyre sichichedwa kupha kamwana kopanda ubweya.

Kamodzi kanabadwa kochepetsetsa, miyendo yakumbuyo yowonda, ndipo kanafa tsiku lachitatu. Zimachitika makolo onse akakhala ndi chibadwa cha dwarf (chimene chimachititsa kalulu kukhala wamng'ono thupi), ndipo palibe mankhwala ake.

Musadandaule mayi akamakhala kunja kwa bokosi. Amayamwitsa kamodzi kapena kawiri patsiku, mphindi zochepa chabe. M'mawa onani timimba: kokhuta kamakhala kozungulira, kanjala khungu limachita makwinya. Atatuwa anatsegula maso tsiku la 10.

Madzi asathe m'khola, ndipo chisoso ndi kholowa zifote kaye musanapatse. Wamwamuna akhale kutali, wamkazi amatha kutenga bere tsiku lomwe waswa. Anawa ndidzawaletsa kuyamwa akakwanitsa masabata 8.