Filimu iti ya Frida Kahlo ndiyambe nayo?

Chikondi_M:
Ndikufuna kuonetsa ophunzira a luso la zojambula filimu ya moyo wa Frida Kahlo, wojambula zithunzi wa ku Mexico. Ndi iti imene sinapotoze mbiri yake?

Nabanda:
Yambani ndi Frida ya 2002, ya Julie Taymor. Salma Hayek ndiye Frida, Alfred Molina ndiye mwamuna wake Diego Rivera. Imayenda mwandondomeko kuchokera pa nthawi imene anali pasukulu ndi ngozi ya basi ya 1925, ndipo zithunzi zake zimasanduka zamoyo pa kanema. Vuto n'lakuti amalankhula Chingerezi, komanso nkhani za chikondi zaphimba ululu wake ndi ndale zake za chikomyunizimu. Chinanso, pa chionetsero cha zithunzi zake cha 1953 filimuyi imamuonetsa atanyamulidwa pabedi kuchokera kunyumba. Zoona n'zakuti bedi linatsogola, iye anabwera pa ambulansi.

Mphunzitsi_Phiri:
Ine ndimalemekeza ya Paul Leduc, Frida, naturaleza viva, momwe Ofelia Medina ndiye Frida. Mawu ndi ochepa kwambiri, nkhani ikubwera zidutswazidutswa monga zikumbutso za munthu amene ali pafupi kumwalira. Wosadziwa mbiri yake asochera. Choncho yambani mwawapatsa zaka izi: anabadwa 1907, anakwatiwa 1929, anadulidwa mwendo wakumanja 1953, anamwalira 1954.

Nabanda:
Zoonadi, aphunzitsi. Musanaike filimu, aonetseninso chithunzi chake chotchedwa Henry Ford Hospital cha 1932. Ndi chaching'ono, anachijambula pa chitsulo atapita padera ku Detroit, pomwe pa kanema chimaoneka chachikulu.