Thandizeni abale, mphepo ikundilanda chimbale

Mnyamata wa ku Mufakose: Muli bwanji akuluakulu. Loweruka lililonse timasewera disc golf (gofu woponya chimbale kuti chikagwere m'dengu) kuno ku Harare pabwalo lina lopanda mitengo, dengu timanyamula lathu. Chiyambire Ogasiti mphepo yandizunza. Ndikaponya midrange yanga (chimbale cha mtunda wapakatikati) imangotembenuka n'kukagwera m'dimba la amayi ena, moti andichenjeza kuti adzaisandutsa chivundikiro cha poto. Anzanga akundiseka, mayi akunyumba akuti ndikungomwaza ndalama ya kombi, alamu anga nawonso chiwakongozereni madola 20 sayankha foni. Alamu omwewo akupita ku Johannesburg sabata yamawa. Ndiwatume chimbale chanji chosaopa mphepo?

Malume a ku Highfield: ROC BASI! Ya kampani ya Innova, manambala a kaulukidwe kake 4, 4, 0, 3. Inatuluka mu 1987 iwe usanabadwe. Nkhani yatha.

Nachisale: Achimwene, mumaponya backhand (dzanja likuchokera pachifuwa) kapena forehand (likuchokera kumbali)? Nanga chimbale chanucho n'chamagalamu angati? Mphepo yochokera kutsogolo imatembenuza chimbale chopepuka msanga. Funani cholemera, chapafupi ndi 180, nambala yachitatu (turn, ya kutembenuka) ikhale 0, yomaliza (ya kupinda kumapeto) 3.

Mwana wa Dedza: Buzzz ya Discraft ndiye yokoma m'manja.

Malume a ku Highfield: Buzzz ili ndi -1 pa turn, mwana iwe. Ukufuna mnzako akakolole rape wa eni ake?

Mwana wa Dedza: Ilipo Buzzz OS, 5, 4, 0, 3. Malume mumangodziwa chimbale chimodzi ngati wailesi yakale.

Malume a ku Highfield: Chimodzi chomwecho chikukwanira. Ndipo agule ya pulasitiki yolimba. Ya pulasitiki yosalimba ya DX ikamenya miyala kangapo imayamba kutembenuka, ana a masiku ano n'kumanamizira mphepo.

Bambo a mapasa: Za alamuzo ndiye samalani. Ine ndinatuma msuweni wanga, ndalama ndinakamupatsira pokwerera mabasi pa Roadport penipeni. Anabwera ndi chimbale cha ana chosewerera kunyanja, chenji osabweza. Mpaka lero kumaliro timangopatsana moni wa m'maso.

Agogo a ku Mbare: Bambo wapabanja kumathamangitsa mbale Loweruka? Bawo inakulakwirani chiyani? Kapepeseni kwa mayi wa dimbayo kaye.

Wa ku Dzivarasekwa: Mukuiwala kuti Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. Mpweya kuno ndi wopepuka, zimbale zimapinda msanga kumapeto kuposa kugombe la nyanja. Ngati dzanja lanu ndi lofooka, Roc yatsopano idzangogwera kumbali isanafike padengu. Ponyani motsika, mphuno ya chimbale iloze pansi pang'ono.

Malume a ku Highfield: Dzanja lofooka si vuto la Roc. Adye nsima.

Nachisale: Achimwene a ku Mufakose, funso langa lija bwanji?

Mnyamata wa ku Mufakose: Zikomo nonse. Alamu aja ayankha tsopano, akuti ulendo asintha, ndipo ndiwawonjezere madola 10.