Mchere wandichititsa manyazi pamaso pa ana a Fomu 1, ndinalakwitsa pati?

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni. Ndimaphunzitsa Chemistry pa CDSS ina kuno ku Nkhotakota, chakunyanja. Labu tilibe. Zida zathu ndi mabika awiri, imodzi yong'aluka, ndi mbaula yanga yakunyumba.

Lachiwiri ndinawauza ana kuti madzi otentha amasungunula zinthu zambiri kuposa ozizira, ndiye ndinati tione ndi maso. Makapu awiri, madzi ofanana, ena apamjigo ena apambaula, n'kumathira mchere wapaokala supuni ndi supuni. Abale, makapu onse anakhuta pafupifupi pa supuni yomweyo! Wotsalawo unangokhala pansi ngati mchenga. Mnyamata wina amene amagona kunyanja ku usipa, masiku onse amasinza m'kalasi, koma tsikulo anali maso gwa: "Madamu, ndiye bukulo likunama?" Kalasi yonse chikhakhali. Ndinangoti tipitiriza mawa.

China, pamayeso amandilembera melt pofunika dissolve, poti kwa iwo zonse ndi kusungunuka basi.

Mphunzitsi wa ku Dwangwa:
Madamu, buku silinaname, mwangoitana mboni yolakwika. Mchere wathuwu ndi wamakani. Pa madigiri 20, m'madzi a 100 ml mumasungunuka magalamu 36. Muwiritse mpaka 100, ungofika pa 39. Magalamu atatu amenewo simungawaone ndi supuni. Tengani shuga: madzi ozizira omwewo amamwa magalamu pafupifupi 200, owira amapitirira 400. Mchere wina uja wa pa galafu ya kasungunukidwe m'buku, potassium nitrate, umachoka pa magalamu 32 kufika kupitirira 240, n'chifukwa chake mzere wake umakwera ngati phiri pomwe wa mchere wathuwu wagona. Ine ndikanakhala inu sindikanabisa. Ndikanabwereza zomwezo, mchere uku shuga uku, mnyamatayo n'kumupatsa supuni aziwerenga yekha.

Mayi wina wa ku Salima:
Ine si mphunzitsi koma anawo afunseni momwe amayi awo amachezera chidulo cha therere. Phulusa la zitsononkho m'kachitini koboola pansi, kuthira madzi, n'kumadontha pang'onopang'ono. Makala amatsala pamwamba, chomwe chasungunuka chimatsika ndi madzi. Si sayansi yanuyo imeneyo?

Mphunzitsi wa ku Dwangwa:
Ndi yomweyo mayi, mwatiposa. Pa melt ndi dissolve ine ndimayatsa kandulo pambali pa kapu ya mchere n'kufunsa kuti apa chagwira ntchito ndi moto kapena madzi? Kandulo ikazizira imalimbanso yokha. Mchere kuti ubwerere mpaka madziwo aume, ndiye muziika pang'ono m'mbale padzuwa la kwanuko, adzaupeza woyera mbee.

Wosatchula dzina:
Yesaninso urea, wa kumunda yemweyu. Supuni zingapo m'kapu, kapuyo imazizira m'manja, ana amadabwa koopsa. Koma asalawe chonde, Fomu 1 timaidziwa.

Bambo wina wopuma pantchito:
Mwanawe, poti anawo adzafika pa molarity, muyeso wa kuchuluka kwa chinthu chomwe chasungunuka mu lita imodzi, uwazoloweze panopa. Wani mola (1 M) ya sodium chloride, mchere wathu womwewu, ndi magalamu 58.5 mu lita imodzi ya solution yonse, kutanthauza madzi ndi mchere pamodzi. Ambiri amayamba athira lita yamadzi kenako mchere, ndiye zimapitirira mzere wa lita imodzi pa fulasiki yoyezera. Sungunula kaye m'madzi ochepa, kenako uziwonjezera mpaka pamzere. Ngati ulibe fulasiki, tenga botolo la pulasitiki, uyeze madzi a 500 ml ndi sirinji yaikulu, ulembe mzere ndi maka. Pamenepo mchere wake ndi theka, 29.25. Sikelo ya digito ukabwereke kugolosale, ingoonetsetsa kuti imawerenga magalamu amodziamodzi.

Wolemba funso:
Zikomo nonse, mtima wakhala pansi. Bambo, za sirinji sindinaziganizepo. Koma a ku Dwangwa, ana ndili nawo 94, shugayo ndigula ndi ndalama yam'thumba, ndipo ndikudziwa kale kuti wina athera m'kamwa. Ndiwagawe m'magulu kapena ndingochita ndekha kutsogolo?

Mphunzitsi wa ku Dwangwa:
Kutsogolo, madamu, ndi madzi a 50 ml okha. Theka la kilo likwana. Paketi yotsalayo muibise m'chikwama.