Kodi boma la mgwirizano la kunoli ndi la anthu ambiri zoona?

Telala wa ku Ntcheu:

Abale anga a kuno ku Joni, pali funso lomwe lakhala likundivutitsa kuyambira 2024, ndipo dzulo pa nkhomaliro labukanso.

Ine ndimasoka makatani ku Fordsburg. Pashopu tilipo asanu ndi anayi: Amalawi atatu, mnyamata mmodzi wa ku Mozambique, ndi eni dziko asanu. Chisankho cha kuno ku South Africa chinachitika Lachitatu pa 29 May 2024, tsiku la tchuthi. Lachinayi m'mawa titakhala pamakina, ndinayamba kuyang'ana manja a anzanga. Ntchito yathuyi manja sabisika, chala chachikulu chimangokhalira kukankha nsalu pansi pa singano, ndiye inki ikakhalapo imaoneka. Mwa asanu aja, awiri okha ndi amene anali ndi inki pachikhadabo. Mayi amene amakhala pamakina oyandikana ndi anga, amene anaima pamzere mu 1994 kuvotera Mandela, chala chawo chinali mbee. Nditawafunsa, anati tsikulo anachapa mabulangete chifukwa madzi anali atangobwera kumene. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa mayiwa nkhani ya 1994 amaikamba ndi misozi m'maso.

Zotsatira zitatuluka ndinaona kuti si pashopu pathu pokha. Olembetsa anali pafupifupi 27.7 miliyoni, koma okavota anangopitirira pang'ono 16 miliyoni, ndiye kuti anthu 58 kapena 59 pa 100 alionse, pomwe mu 2019 anali 66. ANC inapeza 40 peresenti, mipando 159 mwa 400. DA inapeza 87, MK ya a Zuma 58, EFF 39. Kenako tinamva kuti kwabadwa boma la mgwirizano, GNU, la zipani khumi.

Ndinatenga choko changa chodulira nsalu n'kuwerengera pathebulo. Mavoti a ANC anali pafupifupi 6.5 miliyoni, a DA 3.5 miliyoni. Kuphatikiza ndi 10 miliyoni. Mwa anthu 27.7 miliyoni olembetsa, awiriwa sakufika n'komwe theka. Ndiye sitinawerenge achinyamata ankhaninkhani amene sanalembetse n'kulembetsa komwe. Komanso amene anavotera DA ambiri anavota kuti ANC ichoke, amene anavotera ANC anauzidwa kuti DA ndi mdani. Palibe mmodzi anaponya voti yoti awiriwa akhale nyumba imodzi.

Funso langa ndi ili: boma lotere tinganene kuti likuimira anthu ambiri? Dzulo mayi aja anenetsa kuti chisankho cha makhansala chikubwerachi sapitanso, ndipo ine ndinasowa chowayankha.

Mkulu wa ku Rosettenville:

Mphwanga, masamu ako ali bwino, koma ndikuona kuti ukuyeza ndi muyezo womwe palibe boma lingaukwanitse. Ine ndinabwera kuno mu 1996, ndaona zisankho za mbali zonse ziwiri.

Yamba wakumbukira kwathu. A Muluzi mu 1994 analowa ndi 47 peresenti. A Bingu mu 2004 analowa ndi mavoti osafika 40 peresenti, a Peter mu 2014 chimodzimodzi, 36. Mu 2019 a Peter analengezedwa ndi 38.6, a Chakwera 35.4, a Chilima 20.2. Anthu asanu ndi mmodzi mwa khumi alionse ovota anali atakana munthu amene analumbiritsidwa, koma boma lonse linali lake, unduna wonse wake. Mpaka khothi linagamula pa 3 February 2020, pambuyo pa nkhani ya Tipp-Ex ija, kuti "ambiri" m'malamulo athu akutanthauza 50+1.

Kuno zimayenda mosiyana. Anthu savotera pulezidenti mwachindunji, amavotera chipani, ndipo mipando imagawidwa molingana ndi mavoti. Ukapeza 40 peresenti umatenga 40 peresenti ya mipando, basi, osati nyumba yonse. Pulezidenti amasankhidwa ndi aphungu. Pa 14 June 2024 a Ramaphosa anapeza mavoti 283, a Malema a EFF 44. Aphungu 283 amenewo sanagwe kumwamba, aliyense anatumidwa ndi anthu. Choncho mwa amene anapita kukavota, boma ili lili ndi ambiri ndithu, kuposa mmene ANC inalili payokha mu 2019 ndi mipando 230.

Za osavotawo zimandiwawa inenso, koma sungawawerenge ngati onse anakana bomali. Wina anatopa, wina analibe ya thiransipoti yobwerera kumene analembetsa, wina anaona mzere n'kubwerera. Mtima wawo sitiudziwa, ndipo palibe chipani chingawatenge n'kunena kuti ndi anthu ake.

Ndipo mgwirizanowu waonetsa kale phindu. Mu February 2025 nduna ya zachuma inafuna kukweza msonkho wa pa katundu wogula wa VAT kuchoka pa 15 kufika 17 peresenti. Bajeti inalephera kuwerengedwa tsiku lake chifukwa anzawo a m'boma momwemo anakana, ndipo atakokanakokana mpaka April, VAT inatsala pa 15. Chikanakhala chipani chimodzi cha mipando 230, lero sopo ndi shuga tikanagula mokwera. Mutu umodzi susenza denga, mphwanga.

Nangozo wa ku Turffontein:

Bambo a ku Rosettenville, ndi ulemu wonse, ine ndikusiyana nanu. Inu mukuyang'ana ku Cape Town ku nyumba ya malamulo, ine ndikuyang'ana mzinda umene tikugonamo uno, chifukwa mgwirizano ife a Johannesburg tinaulawa kale dziko lonse lisanaulawe.

Chisankho cha makhansala cha November 2021 anthu ovota sanafike theka la olembetsa. Palibe chipani chinapambana pachokha. Werengani mameya kuchokera pamenepo: mayi Phalatse, kenako a Morero kwa masabata ochepa, khothi n'kubwezeretsa mayi Phalatse, kenako a Amad mu January 2023, a Gwamanda mu May chaka chomwecho, kenako a Morero kachiwiri mu August 2024. Awiri mwa amenewa, a Amad ndi a Gwamanda, anachokera ku Al Jama-ah, chipani cha mipando itatu mwa 270. Itatu! Zipani zikuluzikulu zinalephera kumvana kuti ndani akhale pampando, n'kuikapo wa chipani chaching'ono. Ndiuzeni, bambo, pamenepo ambiri anali kuti?

Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba, ndimadzuka 4 koloko. Chaka chatha tinakhala masiku anayi mpopi uli gwaa. Ndinkanyamula chigubu cha malita 20 kuchoka kuntchito, kukwera nacho taxi ziwiri, kuti mwana asambe popita kusukulu. Aneba anga, eni dziko, ndinawafunsa kuti tikadandaule kwa ndani, iwo n'kundifunsa kuti kodi meya panopa ndi uti. Munthu amene sakudziwa amene akulamula, mumuuza bwanji kuti akavotenso?

Chinanso chimene chimandisowetsa tulo. Chipani cha PA cha a Gayton McKenzie chinapeza mipando isanu ndi inayi yokha, mavoti pafupifupi 2 pa 100, ndipo kampeni yawo tonse tinaimva, "abahambe", ndiye kuti "achoke", kutanthauza ife obwera. Lero iwo ndi nduna. Mu mgwirizano wamng'ono amalemera kuposa mavoti ake, chifukwa wamkulu akumufuna. Inu mwatchula VAT, zoona zinatithandiza. Koma njira yomweyo imene inaletsa VAT ndi imenenso imapereka mpando kwa munthu amene anthu 98 pa 100 sanamusankhe.

Dalaivala wa ku Mangochi:

Achemwali a Nangozo mwandilankhulira. Ine ndiwonjezere za kwathu, chifukwa mu 2020 ndinali ndisanabwere kuno ndipo ndinavota.

Pa 23 June 2020 a Chakwera anapambana ndi pafupifupi 59 peresenti pansi pa Tonse Alliance, zipani zisanu ndi zinayi. Umenewo unali mgwirizano womangidwa chisankho chisanachitike, tinkadziwa chimene tikuvotera, a Chakwera ndi a Chilima pepala limodzi. Pamenepo mfundo ya a telala ija, yoti palibe anavotera ukwatiwo, sinalipo. Koma zomwe awiriwo anagwirizana kuseri sanatiwerengere poyera, ndipo mkangano unayamba pomwepo. A Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024, sipanathe nthawi UTM inatuluka. Ambiri aja amene anaponya voti mu 2020 anali atamwazikana kale boma lisanamalize nthawi yake. Pa 16 September 2025 a Peter anabwereranso ndi 56.8 peresenti, a Chakwera 33, ndipo anthu anatuluka mwaunyinji, oposa 75 pa 100 alionse olembetsa. Ndiye ine ndimaona kuti "ambiri" ndi chinthu cha tsiku limodzi, tsiku lovota. Mawa lake boma liyenera kuwasunga anthuwo ndi ntchito, apo ayi limangotsala ndi mipando.

Koma chimene chimandipweteka n'chakuti tonse tikukambirana pano sitili m'masamu a dziko lililonse. Kuno sitivota, si kwathu. Kwathu malamulo salola kuvotera kunja. Ndinafuna kupita mu 2025, koma pamafunika maulendo awiri, wa kalembera ndi wovota, ndipo basi yochoka ku Park Station kudzera Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete imadya masiku awiri kupita kokha. Galimoto ndimayendetsayi si yanga, ndikaisiya sabata mwini wake apatsa wina. Ndalama ya feteleza ndimatumiza mwezi wa October uliwonse, koma amene amaika mtengo wa fetelezayo sindinamusankhe ndipo sindinapatsidwe mpata womukana.

Telala wa ku Ntcheu:

Zikomo nonse. Bambo a ku Rosettenville, ndavomera kuti ndinalakwitsa kuwerenga osavota onse ngati otsutsa boma. Koma mameya a achemwali a Nangozo aja andikhala pamtima, ndipo pamenepo sindinakhutire.

Lero m'mawa ndinawafotokozera mayi a pamakina aja zimene mwalemba, makamaka za adalaivala, kuti ife tikulira voti imene iwo ali nayo m'manja. Anaimitsa makina, n'kukhala chete kanthawi. Kenako anandifunsa kuti kodi khansala wa dera lawo amasankhidwa pa dzina kapena pa chipani. Ndinawauza kuti pa makhansala pali pepala la munthu wa wadi ndi lina la chipani. Anati akafufuza kaye dzina la amene alipo panoyo, ndipo ngati anaonekapo masiku amene madzi anasowa, aganiza bwino. Sanalonjeze kuti apita.