Kodi ndichite chiyani kuti dzanja lizikhala malo amodzi pa uta?

Wa ku Luwinga:
Patha miyezi inayi chiyambireni kuphunzira kuponya mivi ndi uta wa recurve (umene nsonga zake zimapindikira kutsogolo), ndipo ndimayeserera pa mtunda wa mamita 18. Mivi yanga imamwazikana kumanja ndi kumanzere ngakhale ndikhale ndaloza pamalo amodzimodzi, komanso nsinga imandikwapula pamkono mpaka khungu kufiira. Mnzanga atandijambula ndi foni, ndinaona kuti dzanja langa lamanzere limagwira mosiyana pa muvi uliwonse. Akuluakulu, ndithandizeni.

Wa ku Katoto:
Achimwene, ndikuganiza kuti mukufumbata uta ngati mpini wa khasu, ndipo vuto lagona pamenepo. Zala zikafinya chogwirira, uta umapotoka pang'ono pamene nsinga ikuchoka, ndipo kupotoka kumene maso sangakuone n'komwe kumakhala kwakukulu muvi ukafika pa chandamale. Uta suyenera kufumbatidwa, uyenera kukankhidwa. Chogwirira chikhale pa mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu, ndipo chisadutse mzere wa m'chikhatho umene umazungulira mnofuwo. Mfundo za zala zipendekeke pafupifupi madigiri 45, zala zili lende, moti chala chaching'ono chisakhudze uta n'komwe. Dzanja likakhala chotere, chigongono chimatembenukira kunja mosavuta ndipo nsinga imapeza njira yodutsa osakhudza mkono. Chinanso chimene ambiri amachinyozera n'chakuti dzanja liikidwe bwino uta usanakwezedwe, nsinga itakokedwa pang'ono chabe, chifukwa mukafuna kulikonza mutakoka kale mumangowonjezera kupotokako.

Wa ku Mchengautuwa:
Ndikugwirizana nawo bambo a ku Katoto, koma munthu sangalekerere zala ngati akuopa kuti uta ugwa pansi. Ine ndinadula chingwe cha nsapato n'kuchimanga pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala, kuzungulira kutsogolo kwa chogwirira, ndipo uta ukadumpha umakodwa m'chingwemo. Mukaonera oponya mivi a ku Olimpiki, kumene Areneo David anaimira dziko lathu ku Rio de Janeiro mu 2016, muona kuti pa mamita 70 paja uta umagwera kutsogolo muvi ukangochoka, chifukwa palibe amene akuugwira mwamphamvu. Musaiwalenso nyengo yathu ya kuno. M'mawa wa mu Juni zala zimauma ndi kuzizira moti simumva pamene chogwirira chakhudza, pomwe mu Okutobala thukuta limachititsa kuti dzanja liziterereka. Ine ndinakulunga chogwirira ndi tepi ya pa raketi ya tenisi, koma mzere umodzi wokha, popeza ikachindikala imasintha makhalidwe a dzanja.

Wa ku Luwinga:
Zikomo kwambiri nonse. Dzulo madzulo ndinayesa chingwe cha nsapato nditaima pa mamita 5 okha, ndipo kwa mivi khumi yoyamba zala zinkafumbatabe zokha nsinga ikangochoka. Pambuyo pake zinayamba kumasuka, ndipo nsinga sinandikwapulenso. Ndajambula kadontho ndi cholembera pa mnofu wa chala chachikulu kuti ndizikalunjikitsa pakati pa chogwirira. Loweruka ndibwerera pa mamita 18 kuti ndikaone ngati mivi yasiya kumwazikana.